Momwe mungasankhire kompresa yopopera matayala yoyenda nayo m'galimoto

Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo mukangodutsa Nyimba kulowera ku mlatho wa Luangwa mumayenda mtunda wautali m'mapiri osaona popopera tayala. Misewu yafumbi ya ku Vubwi ndi ya kumidzi ya ku Chadiza ndiye osanena. Ngakhale m'tauni momwe, magetsi akathima kompresa ya pa filling station nayonso imagona. Kakompresa ka 12V kokhala m'buti kamapulumutsa, koma ambiri amagula kolakwika chifukwa amayang'ana nambala yolakwika pa katoni.

Choyamba, dziwani mpweya umene matayala anu amafuna

Tsegulani chitseko cha dalaivala, muone kapepala komatidwa pa felemu. Magalimoto ena kali kuseri kwa kachitseko kothirira mafuta. Pamenepo alemba mpweya woyenera mu bar, kPa kapena PSI. Bar imodzi ndi kPa 100, kapena PSI pafupifupi 14.5. Magalimoto ang'onoang'ono monga Corolla nthawi zambiri amafuna pakati pa bar 2.0 ndi 2.4, ndipo Hilux yonyamula matumba a chimanga imafuna wochulukirapo kumbuyo. Katayala ka sipeya kopyapyala kamene kamabwera ndi magalimoto ambiri ochokera ku Japan kamafuna bar 4.2, kutanthauza PSI 60. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala musaitsate, imeneyo ndi malire a tayalalo, si mpweya woyendera.

Chachiwiri, siyani PSI, funani malita

Apa ndi pamene ogulitsa amatigwirira. Pa katoni alemba zilembo zikuluzikulu kuti 250 PSI kapena 300 PSI, munthu n'kuganiza kuti wapeza chinthu champhamvu. Galimoto yaing'ono ikufuna PSI 30 mpaka 35 basi, katayala ka sipeya kopyapyala 60, ndiye 300 muchita nayo chiyani? Nambala yofunika ndi yakuti kompresayo imatulutsa malita angati a mpweya pa mphindi. Amailemba L/min, kawirikawiri m'zilembo zing'onozing'ono kumbuyo kwa katoni. Zili ngati mpopi wa madzi: kaya mphamvu ichuluke bwanji, ngati madzi akungodontha, chidebe chidzadza madzulo.

Tikompresa tating'ono timatulutsa malita 15 mpaka 35 pa mphindi. Pa tayala la saizi 14 kapena 15 zimenezo n'zokwanira, mumadikira mphindi zisanu kapena kupitirira pang'ono ngati laphweratu. Koma kakompresa komweko mukakaika pa tayala la Land Cruiser kapena Hilux, kadzalira mpaka kutentha tayala lisanadzuke bwino. Pa matayala akuluakulu funani ya malita 70 kupita m'mwamba. Amene amapita ku Mfuwe n'kulowa m'njira za mchenga za ku South Luangwa, kumene mumaphwetsa dala matayala onse anayi kenako n'kuwapopanso mukafika pa tala, atenge ya masilinda awiri, ija amalemba malita 150 kapena 160. Dziwaninso kuti malitawo amawayesa kompresa ikungopopa m'malere. Ikakhala pa tayala lolimba kale, mpweya wolowa umachepa. Katoni yosalemba malita n'komwe, ine ndimaibweza pa shelefu.

Chachitatu, moto uchokera kuti

Zilipo za mitundu itatu. Ina mumailowetsa mu soketi ya laita ya fodya. Soketi imeneyi imatetezedwa ndi fyuzi ya ma amp 10 kapena 15, choncho kompresa yokoka moto woposa pamenepo idzawotcha fyuzi. Werengani ma amp pa katoni musanagule. Ina ili ndi zopanira ziwiri, chofiira ndi chakuda, zoika pa batire mwachindunji. Zikuluzikulu zonse ndi zoterezi chifukwa zimakoka ma amp 30 kapena kuposa, ndipo yabwino imakhala ndi fyuzi yakeyake pa waya. Yachitatu ili ndi batire lake lotchaja. Imeneyi ndi yabwino pa njinga yamoto, njinga yakapalasa ndi kuwonjezera mpweya pang'ono, koma sindingaidalire paulendo. Batire la lithium silikondana ndi kutentha kwa m'galimoto yoima padzuwa mu October, ndipo tsiku limene mwaifuna mudzaipeza ilibe moto.

A Canter ndi malole ena, funsani kaye makanika wanu. Ambiri mwa magalimoto amenewa ndi a 24V, ndipo kompresa ya 12V mukailumikiza pa 24V yapsa pomwepo.

Chachinayi, imagwira ntchito mphindi zingati isanapume

Kompresa imatentha ikamapopa. Zing'onozing'ono zambiri zimafuna kupumitsidwa pakatha mphindi 10 kapena 15, ndipo kabuku kake kamanena. Funani ya silinda yachitsulo yokhala ndi timizere tozizirira, osati yapulasitiki mbali zonse, komanso yodzizimitsa yokha ikatentha kwambiri. Kulemera kumakuuzani zambiri: inyamuleni m'manja, ikapepuka mokayikitsa ndiye kuti m'kati muli kamota kakang'ono ndi magiya apulasitiki.

Chachisanu, waya, payipi ndi geji

Waya ndi payipi pamodzi zifike pa tayala lakumbuyo lakutali kwambiri. Pa Noah kapena minibasi, poyambira pa batire, pamafunika mamita 6 kapena kuposa. Kukamwa kwa payipi kukhale kwa mkuwa kochita kupotokola pa valavu, chifukwa kapulasitiki kopanira kamathyoka msanga. Geji ya pa kompresa zotchipa imanama, makamaka mota ikulira, choncho gulani kageji kam'manja kapadera. Zija za digito zimene mumaika nambala n'kudzizimitsa zokha zikafika n'zothandiza usiku.

Musatuluke m'sitolo musanaiyese

Kaya mukugula ku Down Shops ku Chipata, m'sitolo ya masipeya kapena kwa munthu wobwera nazo kuchokera ku Lusaka, imikani galimoto pafupi. Phwetsani tayala limodzi mpaka bar 1.5, lumikizani, muone nthawi imene itenge kulibwezera. Gwirani waya: akafunda msanga ndiye kuti ndi wopyapyala. Mvetserani ngati mpweya ukutuluka polumikizira. Wogulitsa wokana kuti muyese, musiyireni katundu wake. Tengani lisiti, mufunsenso ngati angakusinthireni ikafa m'masiku oyamba.

Pogwiritsa ntchito

Lizani injini kaye kuti batire lisathe, ndipo chitani zimenezi panja, osati m'galaja yotseka. Chopanira chofiira chipite pa +, chakuda pa −. Ikani kompresa pa thabwa kapena pa mati ya m'galimoto, isamwe fumbi la pansi. Popani, zimitsani, yesani ndi geji, onjezerani. Mukamaliza musagwire mutu wa silinda ndi poyambira payipi, pamaotcha.

Mpweya umayesedwa matayala ali ozizira, m'mawa musanayende. Mukaima pa Katete kapena pa Petauke masana n'kupeza geji yakwera, musaphwetse, ndi kutentha chabe ndipo ubwerera wokha.

Kompresa simata bowo. Ngati matayala anu ndi a tubeless, opanda chubu m'kati, ikani m'thumba lomwelo kabokosi ka zingwe zomatira, pulaya yozulira msomali, mafyuzi awiri a sipeya ndi mitima ya valavu ingapo. Zingwezo zimagwira pa bowo la msomali pamalo popondera msewu pokha. Tayala likang'ambika m'mbali, monga zimachitikira mukamenya dzenje mwamphamvu, palibe chopopa kapena chomata, ikani sipeya. Ndiye sipeyayo muziipopanso kamodzi pamwezi pamodzi ndi anzake anayi.