Kuyamba kugwiritsa ntchito chiwaya chatsopano chowotchera panja

Chiwaya chachitsulo mwagula ku msika wa Siyaso ku Mbare, mumzinda wa Harare, chija musaikepo nyama kaye. Pezani izi: chopalira chachitsulo, chopanira nyama chachitali, mafuta ophikira, kansalu koyera ndi botolo la madzi.

1. Chitsukeni ndi sopo kamodzi kokhaka kuchotsa girisi ndi fumbi, chiume bwinobwino.
2. Yatsani gasi kapena makala, chitenthe mpaka chitsulo chiyambe kuda.
3. Panani kansalu ndi chopanira n'kupaka mafuta paliponse mpaka m'mbali. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amakhuthula mafuta ambirimbiri ndiye chiwaya chimamata ngati ulimbo, inu pakani ochepa kwambiri mudikire utsi uthe.
4. Bwerezani kupaka mafutaku katatu kapena kanayi.
5. Mukamaliza kuwotcha palani chikadali chotentha, thirani timadzi, pukutani, pakaninso mafuta n'kuvundikira, makamaka mvula ikayamba mu Novembala dzimbiri silichedwa.