Mmene ndinathetsera kuola kwa tsinde la mapapaya nthawi ya dzinja

Kuno ku Nkhata Bay mvula ikalimba mu Marichi ndi Epulo, mapapaya anga ankafa ali ndi maluwa kale. Masamba am'munsi ankayamba chikasu n'kulendewera, ndipo ndikakanda tsinde pamalire ndi dothi ndinkapeza lafewa, lakuda, likununkha. Vuto linali lowe. Ndinkabzala m'mayenje akuya pa dothi lamakande, ndiye dzenje limasanduka mtsuko wosunga madzi. Mizu ya papaya ikakhala m'madzi masiku awiri okha imayamba kuola, ndipo tizilombo ta m'nthaka totchedwa Phytophthora timalowerapo.

Ndinasiya mayenje n'kuyamba kuunda mitumbira yotalika masentimita 40, yotambalala mita imodzi, motalikirana mamita 2.5. Pa mtumbira uliwonse ndimasakaniza dothi lapamwamba ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana bwino, komanso ndowa ya mchenga wakumtsinje. Manyowa aawisi ayi, amawotcha mizu.

Mbande ibzalidwe pa msinkhu womwe inali mu chubu. Ambiri timalakwa pokwirira tsinde poganiza kuti mtengo ulimba ku mphepo, chonsecho kuola kumayambira pomwepo. Udzu wophimbira ndimausiya patali ndi tsinde ngati chikhatho chimodzi, kuti pamenepo pazipita mphepo.

Pakati pa mizere ndinakumba ngalande yotsetsereka yotulutsa madzi kunja kwa mpanda. Mtengo wodwala ndimauzula ndi mizu yomwe n'kuutentha, ndipo pamalopo sindibzalanso papaya chaka chimenecho.