Mosungira makatiriji a magemu akale: zomwe ndimachita kuno ku Kasungu

Makatiriji anga oyamba ndinawaononga ndekha. Anali m'katoni ya sopo kunsi kwa bedi, omangidwa asanuasanu ndi timphira. Dzinja limodzi lokha linakwanira. Potsegula mu Epulo ndinapeza chiswe chitaboola katoni pansi, mphemvu zitanyambita malebulo mpaka mayina osawerengeka, mphira itasungunuka n'kukakamira pa pulasitiki ngati phula. Mayi a kunyumba anangosuzumira n'kunena kuti, "Bambo, si paja munkati chimenechi n'chuma?" Ndinasowa pogwira.

Ambiri mwa makatirijiwo ndi achikasu aja a TV game, imene malume anabwera nayo kuchokera ku Joni TVM isanatsegulidwe mu 1999, nthawi imene TV m'nyumba inali ya deki ndi gemu basi. Ife tinkangoti matepi. Pano ndinawonjezera a Sega Mega Drive, a Game Boy, a Super Nintendo angapo ndi a Nintendo 64 awiri, ndipo pafupifupi onse ali m'zinthu zimene ndinazipeza pa boma pompano.

Musanapite kulikonse, tengani rula. TV game yathu ija ndi yokopera ku Famicom, imene Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983. Katiriji yake ili ndi mano 60 (tizitsulo ta kunsi tolowa m'makina tija), m'litali ndi pafupifupi masentimita 11, m'lifupi 7, kunenepa kosafika 2. Makina omwewo atapita ku America mu 1985 anatchedwa NES, koma katiriji yake ndi ina: mano 72, yaikulu, pafupifupi 12 kwa 13. Mukalemba "NES" pa intaneti mudzaona mabokosi a yaikuluyo, ndipo yanu yachikasu izidzangogubuduka m'katimo. Ya Game Boy, ya 1989, ndi kanthu kosapitirira 6 kwa 7. Ya Super Nintendo ya ku America ndi ya makona, ya ku Ulaya ndi ku Japan ndi yobulungira m'mbali. Ine ndinasiya kuloweza manambala pamtima. Ndinadula timakatoni tofanana ndendende ndi katiriji iliyonse, ndipo timakhala m'thumba la jekete. Ndikaona bokosi pa msika, ndimangolowetsamo kakatoni, nkhani yatha.

Chinthu chimene chinandithandiza koposa ndi madilowa ndi timashelefu ta makaseti a nyimbo. Katiriji ya Famicom ndi yofanana kukula ndi kabokosi ka kaseti, choncho imalowa bwinobwino pa mpata umene pankakhala kabokosiko. Mvetsani: siilowa m'kabokosimo, imalowa m'malo mwake. Mumachotsa kaseti ndi kabokosi kake, n'kuimikapo katiriji, mano pansi. Ochepa mwa achikasu aja, makamaka olembedwa magemu zikwizikwi pomwe alimo ndi asanu obwerezabwereza, ndi ataliko pang'ono, ndiye dilowa silitseka. Amenewo muwagoneke padera.

Timabokosi ta makaseti musatitaye. Dulani timinyanga tiwiri ta m'kati ndi chowengera zikhadabo, salazani ndi sandipepa pomwe mwadulapo, ndipo mwapeza nyumba ya katiriji ya Game Boy. Kapepala ka dzina kamalowa pomwe pankakhala chithunzi cha woimba.

Zimenezi sizigulitsidwa m'sitolo. Zili m'nyumba za achikulire amene anali ndi wailesi ya kaseti, kwa okonza mawailesi, ndi kwa anthu amene ankagulitsa matepi pa depoti. Dilowa langa loyamba ndinalipeza kwa agogo ena amene ankasungiramo mbewu za maungu. Ndinagwada, ndinalonjera, ndinafotokoza. Anati, "Mwana wanga, tenga, koma undipezere poika mbewu zangazi." Mawa lake ndinabwera ndi chigubu chotseka bwino ndi paketi ya shuga. Kupempha kotere kumafuna nthawi, ndipo musayambe ndi kutchula mtengo.

A Super Nintendo, Nintendo 64 ndi Mega Drive amafuna mabokosi a matepi a vidiyo, VHS, apulasitiki otseka ngati buku aja, osati a katoni. Amene ankaonetsa vidiyo sho kale mwina akadali nawo m'thumba penapake. M'kati muli timizati tiwiri tolowa m'mawilo a tepi. Tidulidwe ndi mpeni wotentha, kunja kwa nyumba chifukwa utsi wake ndi woipa. Mpata wotsala tsekani ndi thovu loyera lofewa limene amakutira nalo TV kapena foni yatsopano. Nyuzipepala ayi: inki imadinda pa lebulo, komanso pepala limayamwa chinyezi.

Pali chifukwa chake mabokosi enieni a Sega amapezekabe pomwe a Nintendo anasowa. Sega inkagulitsa magemu ambiri a Mega Drive m'mabokosi olimba apulasitiki, Nintendo inkagulitsa m'makatoni amene ana ankang'amba tsiku lomwelo. Ndiye munthu akakugulitsani katiriji ya Mega Drive, funsani ngati bokosi lake lilipo, ngakhale lopanda chithunzi. Samalani ndi a Electronic Arts, okhala ndi kachikasu m'mbali: ndi ataliko kuposa anzawo. Mukapezanso mabokosi akale a Nintendo DS, tsegulani muone, ambiri ali ndi kampata ka katiriji ya Game Boy Advance chapamwamba.

Nanga oitanitsa kunja? Alipo otchedwa Universal Game Case, okula ngati bokosi la VHS, olandira Super Nintendo, Nintendo 64 ndi Mega Drive, pomwe ya NES imafuna kuti mudulemo kaye m'kati. Ndi abwino, sindikana. Vuto ndi loti mukunyamula mpweya: bokosi lopepuka koma lodya malo, ndipo ndalama yotumizira imaposa ya bokosilo. Ine ndinaitanitsa khumi okha, m'bale wina akubwera kuchokera ku Joni, ndipo ndinaikamo okhawo amene ndingalire atasweka. Ngati n'kutumiza, sankhani timabokosi toonekera ta pulasitiki ya PET, tomwe timabwera tophwatalala n'kudzapindidwa kuno.

Pulasitiki si imodzi. Tembenuzani bokosi muone nambala ili m'katimakona atatu pansi. Nambala 5, PP, ndiyo yabwino, ndipo makontena ambiri osungira chakudya a m'masitolo ndi amenewa. Nambala 1, PET, ilibe vuto. Nambala 3 ndi PVC, yofewa ndi yonunkha ija, imene pakapita nthawi imatuluka thukuta lamafuta n'kumamatira pa lebulo. Thumba lofewa loonekera ngati lobweramo bulangete, ngati palibe nambala, ndimalisiya.

Tsopano nkhani ya chinyezi, imene ndinaiphunzira mochedwa. Bokosi lotseka bwino limatsekeranso m'kati mpweya wa tsiku limene mwalitseka. Mukalongedza mu Januwale mvula ikugwa, mwasunga chinyezi pamodzi ndi makatiriji, ndipo mano adzachita dzimbiri lobiriwira muli m'bokosi momwemo. Longedzani nthawi youma, Seputembala kapena Okutobala, mutapukuta fumbi. M'kontena iliyonse ponyanimo timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Ogulitsa nsapato amangotitaya, apempheni. Ine ndimatiyanika pa lata dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, n'kutibwezera tikadali touma. Tisakhale pofikira ana.

Poika pakhale pamwamba, osati pa simenti, komanso osatsamira khoma lakunja limene limanyowa. Pamwamba pa wadilopu m'nyumba yamalata yopanda siling'i ndi mu uvuni. Pawindo ndiye ayi: dzuwa limafufutsa lebulo, ndipo pulasitiki yotuwa ya Super Nintendo imasanduka yachikasu ngati dzino la wosuta. Ndipo poti kuno ndi kwa fodya, chipinda chimene mumasungiramo mabelo kapena chimanga chothira mankhwala chisakhale cha magemu.

Katiriji isalowe m'bokosi ili yakuda. Tonsefe tinkauzira m'kati gemu ikakana, koma mpweya wa m'kamwa ndi malovu ndithu, ndipo ndi umene umadyetsa mano. Pukutani ndi kathonje ka m'khutu konyowetsa ndi sipiriti woyera wotchedwa isopropyl, amene okonza mafoni amakhala naye, mpaka kathonje kasiye kuda. Sipiriti wa papo uja amasiya utoto. Ena mwa makatiriji, osunga pomwe mwalekezera, ali ndi kabatire m'kati: CR2032 mu ambiri a Super Nintendo ndi Mega Drive, CR2025 kapena CR1616 mu a Game Boy. Kabatire ka zaka 30 n'kofunika kukaona musanatseke. Zomangira za katiriji si wamba, zimafuna sikuludilaiva yotchedwa gamebit, ya mamilimita 3.8 pa a Nintendo ndi 4.5 pa a Sega. Kabatireko n'kowotcherera, ndiye pitani nako kwa wokonza mafoni wa dzanja lofatsa, mukudziwa kuti zimene munasunga m'gemumo zifufutika.

Makatiriji atachuluka ndinapita kwa kalipentala ndi timakatoni tanga tija. Anatiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. "Achimwene, kabati yonse ya timatepi?" Ndinati, "Eya amisiri, koma matabwa akhale ouma, ndipo kumbuyo musasiye mpata ngakhale wa mphemvu." Vanishi ndinamusiya milungu itatu kuti fungo lithe ndisanaikemo kanthu. Miyendo ndi yaitali moti tsache limalowa pansi, ndipo msewu wa chiswe ndimauona usanafike patali.

Mayina lembani pa bokosi, osati pa katiriji. A Nintendo 64 alibe lebulo pamutu, ndiye mukawaimika onse amafanana, koma selotepi pa katiriji imasiya ulimbo ndipo maka safufutika. Ndimatsegula kabati kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi ikangotha, kununkhiza ngati muli fungo la nkhungu ndi kuyatsa makatiriji angapo. Woyamba kuyatsidwa nthawi zonse ndi wachikasu wina wa m'katoni ya sopo ija, amene lebulo yake inadyedwa yonse. Pa mpata wake m'dilowa mwana wanga wamkazi analembapo ndi pensulo kuti "wa mphemvu", ndipo amayakabe ulendo woyamba.