Mwatola kagalu ka bulldog? Kasungeni chonchi mpaka kapeze pokhala

Choyamba musakasakanize ndi agalu anu ayi, kaikeni pakokha kaye masabata awiri, nthenda yopatsirana ija yotchedwa parvo imapha ana agalu mwachangu zedi. Mawa lake pitani nako kwa avetenale kapena ku bungwe losamalira zinyama la Blantyre SPCA akakaone, mankhwala a njoka zam'mimba masabata awiri aliwonse mpaka kakwane masabata 12, katemera woyamba pa masabata 6 mpaka 8, wachiwewe pa miyezi itatu.

Koma nkhani yaikulu ndi mphuno yake yaifupi ija. Bulldog samapuma bwino ngati agalu athu akumudziwa, ndiye kutentha kwa mu Okutobala kumupeza pa dzuwa masana akungoti wefuwefu lilime panja, dziwani kuti zavuta. Mthunzi, madzi ozizira m'beseni, kuyenda nako m'mamawa basi. Makwinya akumaso aja muzipukuta ndi kansalu konyowa kenako kouma, mukasiya chinyezi mumatuluka zilonda ndi kafungo koipa. Nsima ndi bonya zokhazokha sizikwana, ndipo ndiwo zothira anyezi musakapatse, anyezi ndi poizoni kwa galu.

Popereka musathamange. Mukangoika chithunzi pa Facebook mafoni ambwee, ambiri akufuna kabereke azigulitsa ana, ena akufuna mlonda, chonsecho bulldog ulonda sautha, amangojona pakhonde. Pitani kunyumba kwa wofuna kagaluyo mukaone nokha, mpanda ulipo? Kazigona pati? Mukaona tcheni chomangirira pamtengo bwererani nako. Mukagwirizana perekani khadi la katemera, kabulangete kake ndi chakudya cha sabata imodzi kuti m'mimba musasokonekere.