Momwe mungajambulire chisanu, nkhungu ndi mikombero ya dzuwa m'nyengo yozizira

Mu Juni ndi Julayi anthu ambiri amasunga makamera, ati kunja kwatuwa. Komatu ndi nthawi imeneyi pamene udzu wa ku Nyika umacha uli mbuu ndi chisanu, ndipo chiperoni chimakuta Zomba ndi Mulanje ndi nkhungu yojambulika bwino kwambiri.

Choyamba ndi malo. Chisanu chenicheni, chouma pa udzu ngati mchere, muchipeza ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, makamaka m'madambo ndi m'mbali mwa madamu, chifukwa mpweya wozizira umatsikira m'zigwa usiku. Chimagwa kukakhala kopanda mitambo ndi mphepo. Msewu wochokera ku Rumphi kudzera pa Thazima umafuna galimoto yolimba, choncho sonkheranani mafuta ndi anzanu. Ngati Nyika yakutalikirani, pitani mukajambule nkhungu pa Emperor's View, malo oonera patali pa phiri la Zomba, kapena mukwere Mulanje kuchokera ku Likhubula ndi wolondolera njira. Dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, ndipo likangofika pa udzu chisanu chimasungunuka, ndiye mukhale mutaimika kale kamera kusanayere.

Chachiwiri, mabatire. Kuzizira kumawafooketsa msanga. Tengani awiri, limodzi lizikhala m'thumba la m'kati mwa jekete pafupi ndi thupi, muzisinthanitsa. Aja ogulitsidwa theka la mtengo m'mashopu ena a m'tauni, olembedwa dzina la kampani koma opepuka m'dzanja, asiyeni. M'nyumba amaonetsa kuti adzaza, kuphiri amathima musanajambule kanthu. Magolovesi ndi chipewa, za pa kaunjika zimakwana.

Chachitatu ndi chimene ndikufuna mumvetsetse: nthunzi pa lenzi. Ine ndinatuluka usiku kukajambula mwezi, kenako ndinalowa ndi kamera yozizira m'chipinda momwe munali moto ndi ketulo ikuwira. Galasi linachita thukuta pomwepo, kunja ndi m'kati momwe. Kupukuta kunja sikunathandize, ndipo ndinachotsanso lenzi kuti ndione, chinyezi n'kulowa m'kati mwa kamera. M'mawa chisanu chinagwa chokongola, koma zithunzi zonse zinatuluka zachimbuuzi. Chimachitika n'chakuti mpweya wofunda umanyamula chinyezi chambiri, ndiye ukakhudza galasi lozizira umasanduka madzi. Njira yake ndi iyi: mudakali panja, ikani kamera mu jumbo yopanda chibowo, finyani mpweya utuluke, mangani kukamwa, ndipo mukalowa muisiye pakona kutali ndi moto kwa ola limodzi kapena awiri. Madzi aja amachita kunja kwa jumbo. Memore khadi ndi batire muchotseretu panja ngati mukufuna kuona zithunzi kapena kutchaja. Osayesa kuumitsa kamera pa mbaula. Timapaketi ta silica gel, toyamwa chinyezi, timene timabwera m'mabokosi a nsapato musamataye, ponyani tingapo m'chikwama. Chinyezi chikakhalitsa m'lenzi mumamera nkhungu ya nguwi, ndipo kukonzetsa kwake n'kodula, nthawi zina kuposa lenzi yakale yogula kwa munthu. Mukakhala panja musauzire galasi ndi mpweya wa m'kamwa.

Chachinayi, kuwala. Kamera ikaona zoyera zambiri imadetsa chithunzi, chisanu ndi nkhungu n'kuoneka zotuwa. Kwezani exposure, muyeso wa kuwala kwa chithunzi, kufika +1. Pa foni, dinani pa skirini n'kukokera kadzuwa kaja m'mwamba pang'ono. Chisanu chimanyezimira mukachijambula moyang'anana ndi dzuwa, mutagwada pansi. Mbidzi kapena chilembwe chikadutsa, ndi mwayi wanu.

Tsopano za kumwamba. Mkombero wozungulira dzuwa kapena mwezi umabwera kuwala kukadutsa m'tizidutswa ta ayezi m'mitambo yopyapyala ya kutali m'mwamba. Umakhala madigiri 22 kuchokera pa dzuwa, pafupifupi mtunda wa chala chachikulu mpaka chaching'ono mutatambasula mkono ndi zala. Ndi waukulu, umafuna lenzi yotenga malo aakulu, kapena 0.5x pa foni. Bisani dzuwa kuseri kwa mtengo kapena denga, ndipo musaliyang'ane kudzera m'kamera, muwononga maso. Wa mwezi umafuna kamera yosagwedezeka: iikeni pa thirayipodi (choimikira cha miyendo itatu), ISO (mphamvu ya kamera yomva kuwala) ikhale 800, ijambule kwa masekondi angapo, ndipo tcherani taimala kuti ijambule yokha musakuigwira. Ngati mulibe thirayipodi, thumba la mpunga pamwala limagwiranso ntchito.

Utawaleza woyera umaoneka m'nkhungu dzuwa likadali pansi. Lipatseni msana, muyang'ane kumene kwagwera mthunzi wanu. Umakhala wopanda mitundu yowala chifukwa timadontho ta nkhungu n'tating'ono kwambiri. Mukaima pamwamba pa mitambo, monga panjira ya ku Sapitwa, nsonga yaitali ya Mulanje, mamita 3,002, mthunzi wanu ungagwere pa mtambo uli ndi mikombero yamitundu kumutu. Aliyense amaona wake wokha, ndiye musaitane mnzanu kuti adzakujambuleni, jambulani nokha. Autofocus, kulunjika kumene kamera imachita yokha, imasochera m'nkhungu, lozani pa mwala kapena mtengo. Chiperoni chikatseka njira pa Mulanje, mverani wolondolera, bwererani.

Zotsalazo n'zachidule. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona, ngati kamera ikulola. Pokonza, onjezani contrast (kusiyana kwa powala ndi pamdima) pang'ono kuti mkombero uoneke, pulogalamu yaulere ya pa foni ya Snapseed imakwana, koma mitundu musaithire mopitirira.