Chihindi ndi Chitamilu pa kompyuta: mmene mungawerengere ndi kutayipa muli kunja

Amalawi amene ali ku India si ochepa. Ena ali pasukulu ku Delhi, Pune ndi Bengaluru, ena anaperekeza odwala ku zipatala za ku Chennai ndi Hyderabad, ena amapita kukapikula katundu. Aliponso amene ku India sanapondeko koma amagwira ntchito ndi Amwenye tsiku ndi tsiku, ku Dubai, ku Muscat, ku Durban, ngakhale ku Leicester kumene zikwangwani zina za mumsewu wa Belgrave Road n'zolembedwa m'Chigujarati. Limafika tsiku lakuti eni nyumba akutumizirani kalata m'chinenero chawo, kapena abwana akuti mutayipe chidziwitso choti antchito onse awerenge, ndiye mukatsegula laputopu mukungoona timabokosi tokhatokha. Musathamangire kwa okonza makompyuta. Makina ndi abwinobwino, ndipo zambiri mwa izi mungazikonze nokha osalipira kalikonse.

Muyambe mwafunsa kuti chinenerocho n'chiti. Malamulo aakulu a dziko la India amatchula zinenero 22, ndipo zambiri zili ndi zilembo zakezake. Chihindi, Chimarathi ndi Chinepali zimagwiritsa ntchito zilembo za Devanagari, zija zokhala ndi mzere pamwamba: हिन्दी. Chitamilu chili ndi zake zokhotakhota: தமிழ். Ku Chennai anthu amayankhula Chitamilu, ndipo kuwalembera m'Chihindi si ulemu ayi, ambiri sangachiwerenge n'komwe. Ku Bengaluru ndi Chikannada, ku Hyderabad ndi Chitelugu, ndipo anzanu ambiri a ku Dubai ochokera ku Kerala amawerenga Chimalayalam. Chiurdu n'chosiyana kwambiri chifukwa chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere.

Zilembo zikamaoneka molakwika, muyang'anitsitse mmene zalakwikira, chifukwa matenda ake ndi osiyanasiyana ndipo aliwonse ali ndi mankhwala ake.

Timabokosi topanda kanthu ndi nkhani yaing'ono. Mawuwo afika bwinobwino, koma makina anu alibe fonti yojambulira zilembozo. Windows ili ndi fonti yotchedwa Nirmala UI kuyambira pa Windows 8, ndipo imeneyi yokha imakwanira Chihindi, Chitamilu ndi zinenero zina zambiri za ku India. Sankhani mawu onse mu Word, n'kusintha fonti kukhala Nirmala UI. Ngati ndi makina akale, fufuzani Mangal ya Chihindi kapena Latha ya Chitamilu. Google imaperekanso mwaulere Noto Sans Devanagari ndi Noto Sans Tamil, zimene zimagwira pa Windows, Mac ndi Linux pomwe.

Vuto lachiwiri ndi limene limazunguza anthu mutu, ndiye ndikhalapo pang'ono. Mwalandira fayilo imene akuti ndi ya Chihindi, koma mukuona zilembo zathu zomwezi zitangosakanikirana popanda tanthauzo, monga Hkkjr. Si kachilombo ka kompyuta. Amene analemba anagwiritsa ntchito fonti yachikale monga Kruti Dev, imene imatsatira kalembedwe ka mataipilaita akale. M'fonti imeneyi munthu akadina zilembo za Hkkjr, pasikirini pamatuluka भारत, dzina la dziko la India. Koma m'kati mwa fayilomo zimene zasungidwa ndi H, k, k, j, r basi. Zili ngati munthu wovala chigoba cha gule: kunja nkhope ina, m'kati munthu wina. Fontiyo ikasowa pa makina anu, chigoba chagwa. Ku Chitamilu fonti yotchuka ya mtundu umenewu ndi Bamini. Anthu ambiri otayipa makalata m'timashopu ta ku India anaphunzira ntchito pa mafonti amenewa ndipo sanawasiyebe mpaka lero.

Mukhoza kuyika fonti yomweyo pa makina anu kuti mungowerenga, koma zimenezo sizithetsa vuto. Mawu otero simungawafufuze, simungawaike mu Google Translate, ndipo mukawatumiza pa WhatsApp amafika ali Hkkjr yemweyo. Chabwino n'kuwasandutsa kukhala a Unicode, dongosolo limene chilembo chilichonse cha padziko lapansi chili ndi nambala yakeyake yosasintha. Dongosolo lomwelo ndi limene limasunga chilembo chathu cha ŵ kuti chisasanduke china mukatumiza kalata kumudzi. Pa intaneti pali masamba aulere osandutsira. Lembani Kruti Dev to Unicode kapena Bamini to Unicode mu Google. Koma chonde, ngati ndi lipoti la kuchipatala, mgwirizano wa nyumba kapena pepala lokhala ndi nambala ya pasipoti, musaliike pa tsamba losadziwika. Bwererani kwa amene anakupatsani, muwapemphe mwaulemu kuti akutumizireni la Unicode, kapena la PDF.

Nthawi zina zilembo zimaoneka, koma zitasokonekera malo, kapena pali timizere tozungulira ta madontho. Kuti mumvetse izi muyenera kudziwa chinthu chimodzi cha kalembedwe kameneka. M'Chihindi, mawu akuti ki amalembedwa कि. Kandodo koimira i kali kumanzere, kutsogolo kwa क, ngakhale potchula kamabwera pambuyo. Potayipa mumayamba ndi क, kenako i, ndipo pulogalamu ndi imene imakasunthira kumanzere. M'Chitamilu zimaposa apa: mu கொ chizindikiro cha o chagawika pawiri, china kutsogolo, china kumbuyo kwa க. Pulogalamu yosadziwa lamuloli imangondandalika zilembo mmene zabwerera, ndipo Mmwenye akaona amadziwiratu kuti zalakwika. Word, LibreOffice, Chrome ndi Firefox zamasiku ano sizivuta. Zimene zimavuta ndi mapulogalamu akale ojambulira zikwangwani ndi makadi. Mu InDesign muyenera kusankha World-Ready Paragraph Composer musanasindikize chilichonse.

Mukaona zizindikiro za funso zokhazokha, ?????, pamenepo ndiye zataika ndithu. Fayiloyo inasungidwa m'njira yosazindikira zilembozo ndipo palibe fonti ingazibwezere. Zimachitika kwambiri ndi mindandanda ya mayina mu Excel. Posunga muzisankha CSV UTF-8, osati CSV wamba.

Tsopano kutayipa. Simukufunika kugula kiyibodi ina. Pa Windows 10 ya 2019 kupita m'tsogolo, komanso pa Windows 11, pitani ku Settings, Time & language, Language, muwonjezere Hindi kapena Tamil. Mukatero lowani mu options za chinenerocho, musankhe Add a keyboard, n'kutenga Hindi Phonetic kapena Tamil Phonetic. Posintha pakati pa Chingerezi ndi chinenerocho mumadina batani la Windows pamodzi ndi Space. Kiyibodi ya phonetic imalemba monga mmene mawu amamvekera: mukatayipa namaste pamabwera नमस्ते, mukatayipa vanakkam pamabwera வணக்கம். Kwa ife Amalawi njira iyi ndi yofewa chifukwa tinazolowera kale kulemba mawu mmene timawatchulira. Pa Mac muwonjezere chinenerocho pa Input Sources pansi pa Keyboard, pa Linux muyike ibus-m17n, ndipo pa foni kiyibodi ya Google yotchedwa Gboard imachita zomwezo, kuphatikizapo kulemba ndi chala pasikirini.

Msampha uli pa kamndandanda ka mawu kamene kamatuluka mukamatayipa. Chitamilu chili ndi zilembo zitatu zimene ife tingazimve ngati n, zomwe ndi ந, ன ndi ண, komanso zitatu zoyandikira kwa l, zomwe ndi ல, ள ndi ழ. Chihindi chimasiyanitsa त ndi ट pamene ife timangomva t. Kompyuta imangolota chimene mukufuna, ndipo pa mayina a anthu ndi a misewu imaphonya kawirikawiri. Chilichonse chopita kwa anthu ambiri, kaya chidziwitso cha kuntchito, kaya kalata ya kwa eni nyumba, chiyambe chawerengedwa ndi mwini chinenero. Musachite manyazi kupempha. Ambiri amasangalala kuona mlendo akuyesetsa.

Amene mukhalitsa ku India kapena mukufuna ntchito yotayipa, phunzirani InScript, kiyibodi yovomerezeka ndi boma la India. Mavawelo ali kudzanja lamanzere, makonsonanti kudzanja lamanja, ndipo malo ake ndi ofanana pa zinenero zambiri, moti mukaiphunzira pa Chihindi mwaphunziriratu ya Chigujarati. Batani la K limapereka क, la F limapereka kandodo ka i kaja, ndipo la D limapereka kachizindikiro kolumikizira makonsonanti, monga क ndi ष kukhala क्ष. Ku Tamil Nadu, dera limene kuli Chennai, kuli ina yotchedwa Tamil 99, imene boma la kumeneko linavomereza mu 1999.

Pa manambala ndipamene ndikupemphani kuti musamale koposa, makamaka inu amene mukusamalira odwala kapena kulipira lendi. Mapepala ambiri amagwiritsa ntchito manambala athu omwewa, koma ena a Chihindi ndi Chimarathi amakhala ndi awo, ndipo amanyenga maso. १ ndi 1 ngakhale akuoneka ngati 9, ४ ndi 4 ngakhale akufanana ndi 8, ndipo ७ ndi 7, osati 6. Makoma nawonso amaikidwa mosiyana: 1,00,000 ndi lakh imodzi, kutanthauza 100,000, ndipo crore imodzi ndi 10 miliyoni. Chizindikiro cha rupee, ndalama ya ku India, ₹, chinayamba mu 2010, choncho mafonti akale alibe. Pa Windows muwonjezere kiyibodi ya English India, n'kudina Ctrl, Alt ndi 4 pamodzi.

Potumiza kalata yomalizidwa, isandutseni PDF kuti fonti ipite nayo limodzi, koma musungenso ya Word, chifukwa mawu a Chihindi okopedwa kuchokera mu PDF nthawi zambiri amatuluka osokonekera. Ndipo ngati mukutumiza SMS wamba, dziwani kuti uthenga wa zilembo za ku India umadzaza pa zilembo 70, osati 160, ndiye uthenga wautali mudzalipira kawiri kapena katatu.