Pathophysiology ya manesi a maphunziro apamwamba: mmene mungalondolere matenda mpaka mu selo

Nesi amene wafika poona wodwala yekha, kuitanitsa ma test ndi kulemba mankhwala sangadalirenso mndandanda wa zizindikiro uja analoweza ku koleji, chifukwa wodwala sabwera ndi dzina la matenda ake, amabwera ndi BP yotsika, kupuma mothamanga ndi mkodzo wochepa, ndipo matenda angapo osiyana kotheratu akhoza kuoneka chimodzimodzi. Nde anzanga njira ya pathophysiology, kumvetsa mmene matenda amasokonezera thupi, imene ndikufuna tigawane pano ndi ya mafunso anayi oti muzifunsa pa matenda alionse: chayamba kuwonongeka nchiyani, thupi likudziteteza bwanji, kudzitetezako kukuwononga chani, nanga mankhwala ndikufuna kuperekawa akagwira pati. Zili ngati kulondola mapazi a nyama, chizindikiro ndi phazi chabe, mwini phaziyo ali kutsogolo.

Yambani ndi selo. Selo likamalandira okosijeni wokwanira limapanga ATP, yomwe ndi mphamvu ya selo, pafupifupi 30 mpaka 32 kuchokera ku glucose mmodzi, okosijeni akasowa limapeza 2 basi. ATP ikachepa pampu ya sodium ndi potassium ija, imene imatulutsa sodium 3 nkulowetsa potassium 2, imafooka, sodium amadzadza mkati, madzi nkumutsatira, selo limatupa, calcium nayenso amalowa nkudzutsa ma enzyme ogaya selolo. Mukamvetsa izi ndiye kuti mwagwira kale phata la stroke, heart attack, shock komanso kuvulala kwa impso, kusiyana kwake ndi chiwalo chimene zachitikira basi.

Kenako sungani masamu awiri m'mutu. Oyamba, okosijeni wofika m'ziwalo ndi cardiac output (magazi amene mtima umapopa pa miniti) kuchulukitsa ndi okosijeni amene ali m'magazi, ndipo wa m'magaziyo mumamupeza pochulukitsa 1.34 ndi Hb (haemoglobin) ndi saturation (gawo la Hb limene lanyamula okosijeni). Tayesani nokha: Hb 14 ndi saturation 98% zikupatsani pafupifupi 18 mL pa dL, koma Hb 6 ngakhale saturation ili 100% ndi 8 yokha. Nchifukwa chake ine sindikhazikika mtima pansi ndi ka oximeter kosonyeza 100 ndisanaone Hb, munthu akhoza kukhala kuti ziwalo zake zikubanika nambala ikuoneka yokongola. Achiwiri, MAP, avareji ya BP m'mitsempha, ndi cardiac output kuchulukitsa ndi kulimba kwa mitsempha, SVR ija. BP ikatsika funso nloti mtima sukupopa, magazi achepa, mitsempha yatseguka mopyola, kapena china chake chatchinga njira ngati tamponade (madzi opanikiza mtima) kaya pulmonary embolism (magazi oundana otseka mtsempha wa m'mapapo)? Mitundu inayi ya shock ndi imeneyo, palibe chifukwa choilowezera padera. MAP muwerengere potenga diastolic kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu a pulse pressure (systolic kuchotsapo diastolic), choncho 90/45 ndi 60, yomwe ili pansi pa 65 amene timafuna pa septic shock.

Tiyese mafunso anayi aja pa sepsis. Chiyambire 2016, tanthauzo la Sepsis-3 limati ndi kulephera kwa ziwalo koika moyo pachiswe chifukwa thupi layankha infekishoni mosokonekera, ndiye vuto lalikulu lili pa yankho la thupilo. Lipopolysaccharide ya mabakiteriya a gram negative imazindikiridwa ndi receptor ya TLR4, ma macrophage amatulutsa TNF-alpha, IL-1 ndi IL-6, nitric oxide amachuluka, mitsempha imamasuka, glycocalyx imene imakuta mkati mwa mitsempha imanyenyeka ndipo madzi amayamba kudonthera kunja. Thupi limayankha pothamangitsa mtima, nchifukwa chake poyamba manja amakhala ofunda ndipo diastolic ndi imene imayamba kugwa. Tissue factor imayambitsa timagazi toundana m'timitsempha ting'onoting'ono, ma platelet amatha, mapeto ake DIC, pamene magazi akuundana thupi lonse kwinaku wodwala akutaya magazi. Lactate, amene amapangidwa selo likamaphwanya glucose, akakwera musangoti ndi kusowa okosijeni, adrenaline nayenso amathamangitsa glycolysis kudzera mu beta-2, komanso chiwindi chodwala chimalephera kumuchotsa, nde amene akuthira dripu pa dripu kufuna kutsitsa nambala ya lactate akhoza kumiza mapapo a wodwala. Noradrenaline akugwira pa ma alpha-1 kubweza SVR, ma antibiotic ndi kuchotsa gwero la mafinya zikugwira pa chiyambi chenicheni. Mwaona mmene mankhwala alionse apezera malo ake.

Pa DKA (diabetic ketoacidosis, asidi kuchuluka m'magazi pa matenda a shuga) ndikhalapo pang'ono chifukwa pamenepa ndi pamene kumvetsa mmene zinthu zikuyendera kumapulumutsa munthu ola lomwelo. Chayamba kuwonongeka ndi insulin, palibe kapena ndi wochepa kwambiri, pomwe glucagon, cortisol ndi adrenaline ali pamwamba. Tengani pepala mujambule njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya shuga: chiwindi chikupanga glucose wambiri, minofu sikumutenga, akadutsa cha m'ma 10 mmol/L impso zimalephera kumubweza yense, amatuluka mu mkodzo atakoka madzi, sodium ndi potassium, wodwala amakodza pafupipafupi mpaka kuuma. Njira yachiwiri ndi ya mafuta: insulin ndi amene amaletsa mafuta kusungunuka, akasowa ma fatty acid amakhamukira ku chiwindi nkusanduka ma ketone, beta-hydroxybutyrate ndi acetoacetate, amenewa ndi asidi ndipo amamaliza bicarbonate.

Thupi limadziteteza potulutsa carbon dioxide, ndiko kupuma mozama kuja kumene Adolf Kussmaul anafotokoza mu 1874. Kupuma kumeneko ndi kumene kukugwira pH kuti isagweretu, chonde musakuone ngati nkhawa yofunika mankhwala ogonetsa. Werengani anion gap, sodium kuchotsapo chloride ndi bicarbonate: sodium 132, chloride 98, bicarbonate 8 ndi 26, pomwe yabwinobwino imakhala cha pa 8 mpaka 12. Kenako formula ya Winter, bicarbonate kuchulukitsa ndi 1.5 kuwonjezera 8, imakuuzani pCO2, mlingo wa carbon dioxide m'magazi, imene mukuyembekezera, apa ndi cha pa 20 mmHg. Mukapeza 35, nambala yoti pa munthu wabwinobwino simungadandaule nayo, dziwani kuti wodwalayu watopa kupuma kapena pali vuto lina m'mapapo, itanani thandizo msanga.

Nanga potassium? Apa mpamene ambiri amapusitsika. Pafupifupi 98% ya potassium wa m'thupi amakhala mkati mwa maselo, insulin akasowa ndipo magazi akhathamira ndi shuga amatulukira kunja, ndiye lab ikhoza kukupatsani 5.5 pomwe thupi lonse lataya wambiri kudzera mu mkodzo. Mukangoyamba insulin, potassium amabwerera m'maselo, nambala ija imagwa mofulumira ndipo mtima ukhoza kusokonezeka kagundidwe. Choncho madzi kaye, onani potassium, ngati ali pansi pa 3.5 mmol/L mubwezeretseni kaye insulin asanayambe, ma protocol akale amati 3.3, tsatirani ya pamalo panu. Shuga akatsika kufika cha pa 14 mmol/L mumawonjezera dextrose insulin nkumapitirira, chifukwa chimene mukuzimitsa ndi ma ketone, ndipo shuga amatsika msanga kuposa iwo. Kanthu kena, ka dipstick ka mkodzo kamaona acetoacetate osati beta-hydroxybutyrate, nde wodwala akamachira beta-hydroxybutyrate amasanduka acetoacetate ndipo mkodzo ukhoza kuoneka ngati zikuipiraipira pomwe anion gap ikutseka. Amene akumwa ma SGLT2 inhibitor ngati empagliflozin akhoza kulowa DKA shuga asanakwere kwenikweni, poti impso zikumutaya mu mkodzo, musabweze wodwalayo chifukwa glucometer yasonyeza 11.

Funso lachitatu lija, loti kudziteteza kukuwononga chani, limaoneka bwino pa heart failure. Mtima ukafooka impso zimalandira magazi ochepa, ndipo impso sizidziwa kuti vuto ndi mtima, zimachita ngati munthu wataya magazi. Maselo a juxtaglomerular a mu impso amatulutsa renin, renin amadula angiotensinogen wa ku chiwindi, enzyme ya ACE yomwe ndi yochuluka m'mitsempha ya m'mapapo imapanga angiotensin II, mitsempha imafinyika, aldosterone amasunga sodium ndi madzi, ADH (hormone yochepetsa mkodzo) amasunga madzi enanso. Malinga ndi lamulo la Frank ndi Starling, mtima wodzadza bwino umapopa mwamphamvu, koma mtima wofooka umafika msanga poti kuwonjezera madzi sikuwonjezeranso mphamvu, madziwo amangobwerera m'mapapo ndi m'miyendo. Angiotensin II, aldosterone ndi noradrenaline zikakhalitsa zimasintha mnofu wa mtima, umakula molakwika nkuchita zipsera. Nchifukwa chake mankhwala otalikitsa moyo pa ejection fraction (gawo la magazi limene mtima umatulutsa ukagunda kamodzi) ya 40% kutsika ndi amene amatchinga kudzitetezako, ACE inhibitor kapena ARNI (angiotensin receptor-neprilysin inhibitor), beta blocker, spironolactone, pamodzi ndi SGLT2 inhibitor, pomwe furosemide amathandiza wodwala kupuma pochotsa madzi. Beta blocker simuyamba wodwala ali wodzadza madzi, manja ozizira, akubanika, chifukwa panthawi imeneyo sympathetic ndi imene ikumugwirizira.

Glomerulus, sefa ya mu impso, nayo ijambuleni, mtsempha wolowa ndi wotuluka. Ma prostaglandin amatsegula wolowa, angiotensin II amafinya wotuluka, zonse ziwiri zimasunga pressure yosefera. Ibuprofen kaya diclofenac amachotsa choyambacho, ACE inhibitor ngati enalapril amachotsa chachiwiri, diuretic ngati furosemide amachepetsa madzi, mukaphatikiza zitatuzi pa munthu wokalamba amene akutsegula m'mimba impso zimaima. Creatinine kukwera pang'ono mutayamba ACE inhibitor, mpaka cha pa 30%, nzoyembekezeka ndipo sichifukwa chosiyitsira mankhwala, koma potassium muziyang'anira. Chifuwa chouma chimene ACE inhibitor imabweretsa ndi bradykinin amene ACE ikanamuphwanya.

Pano ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chimene ndimachitenga mozama. Zinthu zikhoza kumveka bwino kwambiri pa pepala koma wodwala osapindula. Kafukufuku wa FEAST, wotsogoleredwa ndi Kathryn Maitland amene anatuluka mu 2011, anaona ana oposa 3,000 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania amene anali ndi malungo aakulu kapena infekishoni zina zoopsa magazi asakuyenda bwino. Aliyense ankayembekezera kuti bolus ya madzi, dripu yothira mofulumira nthawi imodzi, iwathandiza. Koma pa maola 48 amene analandira bolus anamwalira pafupifupi 10.5%, amene sanalandire 7.3%. Ndiye pathophysiology ikuthandizeni kufunsa funso loyenera ndi kuona ngozi isanafike, koma chopereka kwa wodwala muzichiyeza ndi umboni wa kafukufuku ndi ma guideline atsopano.

Tsono kaphunziridwe ka tsiku ndi tsiku. Sankhani wodwala mmodzi pa shift, mmodzi yekha, mukakhala pansi lembani chizindikiro chake chachikulu pakati pa pepala nkumafunsa kuti chifukwa chani mpaka mutafika pa selo, hormone kapena receptor. Pamene mwakakamira mpamene mutsegule buku, ndipo muwerenge ndime yokhayo imene ikuyankha funso lanu, zimakhazikika kuposa kuwerenga chaputala chonse usiku wa mayeso. Ma results a ku lab asanabwere lembani zimene mukuyembekezera, sodium akhala wotsika kapena ayi, urea ndi creatinine zikwera motani, bicarbonate ali pati, kenako yerekezani. Zikagwirizana ndiye kuti mwamumvetsa wodwalayo, zikasiyana musangodutsa, mwina pali matenda achiwiri amene simunawaone, ngati uja wa DKA amene pCO2 yake sinatsike chifukwa ali ndi chibayo.

Chitaninso chimodzimodzi ndi tchati cha mankhwala, pambali pa mankhwala alionse lembani pamene akugwira pa chojambula chanu chija. Amene mwalephera kuwapezera malo afunseni kwa pharmacist kapena dokotala pa ward round kuti alipo chifukwa chani, nthawi zina mupeza kuti anayambidwa kalekale pa vuto limene linatha. Ndipo mukapeza mpata mufotokozereni nesi wa junior kapena wophunzira mosayang'ana pepala, m'mawu osavuta oti ngakhale wodikirira wodwala amve chifukwa chake miyendo yatupa komanso chifukwa chimene tikuyezera mkodzo ola lililonse. Pamene lilime lakodwa pofotokoza, lembani pamenepo, ndi pomwe muyambire kuwerenga mukafika kunyumba.